Mlandu suola, koma umboni umaola

Mawu omwe adalankhulidwa pa msonkhano wa zachitetezo cha m'midzi pa Nselema



Mudandituma kuti ndidzalankhule za kuchepa kwa apolisi m'dera lathu. Ndavomera, koma mundilole ndiipatule nkhaniyi, chifukwa tikamati apolisi achepa, ambirife timaganiza za wapolisi wovala yunifolomu, amene timamuona pamsewu wa Bakili Muluzi akuimitsa minibasi, kapena akuzungulira pamsika. Iyeyo ndi wofunika, sindikutsutsa. Koma lero ndikufuna tikambe za wapolisi amene sitimuona kawirikawiri, wa malaya wamba, wa cholembera ndi mapepala m'manja, amene timangomutchula kuti a CID. Wakuba atagwidwa, chimene chimamutengera kundende si maunyolo ayi. Ndi doketi. Ndipo doketi imalembedwa ndi munthu ameneyu. Akachepa iyeyo, ngakhale titadzaza msika wonse ndi mayunifolomu, akuba adzalowa m'chitokosi Lolemba n'kutuluka Lachisanu, ife n'kumati apolisi adya ndalama.

Ndiyambe ndi zimene zidatigwera pabanja pathu. Mwana wa mlongo wanga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Njingayo adaigula ndi ndalama za mbewu za nyengo ziwiri, kuphatikiza ngongole ya ku banki m'khonde ya mkazi wake. Usiku wina m'nyengo ya dzinja, anthu adathyola chitseko cha kanyumba komwe ankaisunga n'kuikankha mwakachetechete. M'mawa tidapita kupolisi ina, imene sinditchula dzina. Adatilandira bwino, adalemba dandaulo m'buku, kenako adatilozera kachipinda ka ofufuza. Mmenemo tidapeza mayi mmodzi yekha. Patebulo pake padali madoketi omangidwa m'mitolo ndi mphira ya chubu, ena ali pansi atatsamira khoma, ena pampando umene ukadayenera kukhala wa mlendo, moti adachita kuwanyamula kuti ine ndikhale. Adatimvetsera mpaka kumapeto osatidula mawu. Atatha adatiuza mosabisa kuti tsiku limenelo akufunika kukhoti kukaperekera umboni, mawa lake akuperekeza mtembo kuchipatala kuti ukapimidwe, ndipo galimoto ya pamalopo ilibe mafuta.

Adafika kwathu tsiku lachinayi, pa kabaza amene tidalipira ife. Mvula idali itagwa kawiri. Mkwasa wa matayala, umene m'mawa woyamba uja unkaoneka bwinobwino kulowera cha kum'mawa, udali utafufutika. Loko wothyoledwa uja adali atagwiridwa ndi mudzi wonse, aliyense wobwera kudzapepesa ankamutola n'kumutembenuzatembenuza. Mnyamata amene adati adaona anthu awiri akukankha njinga m'bandakucha adali atapita kunyanja kukagwira ganyu kwa asodzi. Mayi uja adayang'ana pansi, adayang'ana chitseko, adalemba zimene adatha kulemba. Nkhope yake sindiiwala: idali ya munthu wodziwa ntchito yake, amene akudziwanso kuti wafika mochedwa. Njingayo sidapezeke mpaka lero.

Makolo athu adati mlandu suola. Ndi zoona, ndipo pabwalo la mfumu mawuwa amagwira ntchito, chifukwa mudzi umakumbukira. Koma kukhoti la boma sakumbukira, amafuna umboni, ndipo umboni umaola. Mapazi amafufutika. Magazi amauma. Bala limapola dokotala asanalione. Mboni imasamuka, imaiwala, imaopsezedwa, kapena imapita ku Joni. Kuno kwathu zinthu zimaola msanga kuposa ku Lilongwe, poti malire ali pafupi: chinthu chobedwa pa Nselema usiku, dzuwa likamatuluka chingakhale chitadutsa cha ku Chiuta kapena ku Nayuchi, chili m'dziko la Mozambique, komwe wapolisi wathu sangangolowa mwa iye yekha.

Tsono tiyeni tione kuti ntchito ya wofufuza ndi yotani, chifukwa ambiri timaganiza kuti ndi kugwira munthu basi. Kugwira munthu ndi kachigawo kakang'ono. Ayenera kupita pamalo pomwe pachitikira zinthu, kuyeza, kujambula, kutola zizindikiro n'kuzisunga moti pasadzapezeke wonena kuti zidasinthidwa. Ayenera kupeza mboni iliyonse n'kulemba sitetimenti yake. Pano pali ntchito ina yobisika: mayi wa kwathu kuno amafotokoza m'Chiyao kapena m'Chichewa, koma pepala limalembedwa m'Chingerezi, ndipo liwu limodzi likapotoka pamenepo, loya adzaligwira kukhoti n'kugwetsa nalo mlandu wonse. Ngati pali wovulala kapena mwana wogwiriridwa, pafunika lipoti la chipatala. Ngati pali imfa, pafunika kupima mtembo, ndipo madokotala odziwa ntchito imeneyo m'dziko muno ndi owerengeka. Ngati ndi mlandu wa masiku ano, wa akathyali amene amaimba foni n'kukupusitsani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pafunika chilolezo cha khoti kuti kampani ya foni itulutse zolemba zake, kenako kudikira yankho. Akatha zonsezi apereke doketi kwa woimira boma pa milandu, amene angaibweze kuti pali posoweka. Mlandu ukalowa m'khoti, yemweyo ndiye wosaka mboni kuti zibwere, ndipo iyenso ndi mboni. Amakhala pabenchi m'mawa wonse, n'kumva kuti mlandu waimitsidwa mpaka mwezi wa mawa.

Tiyerekeze, ndipo apa ndikungoyerekeza kuti tione kukula kwa nkhani. Tinene kuti mlandu umodzi wothyola nyumba, kuti ufufuzidwe bwino, umadya masiku atatu athunthu a munthu mmodzi. Pamwezi pali masiku ogwira ntchito pafupifupi 22. Chotsanipo masiku a kukhoti, tinene asanu. Atsala 17. Ndiye kuti munthuyo angamalize bwino milandu isanu kapena isanu ndi umodzi. Nanga patebulo pake pakamafika madoketi 20 mwezi uliwonse? Yotsalayo siisowa ayi, imaunjikana pa ya mwezi watha. Pakutha pa chaka ali ndi mulu umene ngakhale atasiya kugona sangaumalize. Amayamba kusankha: mlandu wa imfa patsogolo, wa munthu wotchuka patsogolo, wa amene wabweretsa mafuta patsogolo. Mbuzi ya gogo wamasiye imatsalira pansi pa mtolo. Kwa gogoyo mbuziyo ndiye inali feteleza wa chaka chino.

Pali chiwerengero chimene akuluakulu amakonda kutchula, chakuti wapolisi mmodzi aziyang'anira anthu pafupifupi 500. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 735,438 m'boma la Machinga, ndi 438,379 ku Balaka. Mukagawa chiwerengero cha Machinga ndi 500, mupeza kuti boma lino lokha likadafunika apolisi oposa 1,400, ndipo kuchokera 2018 tachulukanso. Palibe pano amene angaimirire n'kunena kuti tidafikapo. Koma ine chiwerengero chimenechi sindichikhulupirira kwambiri, chifukwa chimawerenga mitu osafunsa kuti mutuwo ukugwira ntchito yanji. Chimaphatikiza wapamsewu, woimba m'bandi, wolondera pakhomo pa nduna, wa mu ofesi ku likulu la apolisi ku Area 30, onse pamodzi. Funso limene lingatithandize ndi lina: ofufuza milandu alipo angati, ndipo aliyense wasenza madoketi angati?

Wina anganene kuti nkhaniyi ikukhudza obedwa okha. Ayi, ikukhudzanso mwana wanu amene wagwidwa wosalakwa. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 42, amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kuyambira 2010 malamulo a kayendetsedwe ka milandu adaikanso malire a nthawi yosunga munthu pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha. Malamulo abwino kwambiri. Koma amene amachititsa kuti malamulowa akhale amoyo ndi wofufuza womaliza doketi pa nthawi yake. Akalephera, pali njira ziwiri zokha. Mwina woganiziridwayo atuluka pa belo, kapena mlandu uthetsedwa chifukwa boma silili lokonzeka, ndipo mudzi udzamuona akuyenda pamsika. Mwinanso aiwalika mkati. Pitani kundende ya Zomba mukafunse anthu a rimandi kuti adalowa liti. Khoti lidanena kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wa anthu. Gawo lina la kuthithikanako limayambira patebulo ngati lija ndidaliona, pa mitolo yomangidwa ndi mphira.

Palinso china chowawa kuchinena pamaso pa alendo athu a polisi, koma ndichinena mwaulemu chifukwa nawonso amachidziwa. Wofufuza wopanda nthawi, wopanda galimoto, wopanda zida zotolera zidindo za zala, amene bwana akumufunsa zotsatira tsiku ndi tsiku, amayesedwa kuti adutse njira yachidule. Njira yachidule ndiyo kumenya munthu mpaka avomere. Mu February 2019 bambo Buleya Lule adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Ankaganiziridwa pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission lidafufuza ndipo lidapeza kuti adazunzidwa. Taganizani: ngati munthuyo ankadziwa kanthu za amene adatuma, adapita nako kumanda. Chibonga sichidafulumizitse chilungamo, chidachitseka pakamwa. Sindikunena kuti kuchepa kwa anthu kumalungamitsa nkhanza. Wozunza munthu ayankhe mlandu wake. Ndikunena kuti dziko limene silipereka nthawi ndi zida kwa ofufuza likuweta nkhanza m'khola mwake.

Ndipo ife a kumudzi tili ndi njira yathu yachidule, yoipa chimodzimodzi. Tikatopa ndi kuona akuba akubwerera, timatola miyala, matayala ndi petulo. Tikamuotcha munthu timati tathana nazo. Koma taotchanso dzina la amene amamugula katundu, taotcha njira imene njinga zimadutsira malire, ndipo nthawi zina taotcha munthu amene adangosochera njira usiku. Pamwamba pake tamuwonjezera wofufuza yemwe uja doketi ina, ya kupha, imene ilibe mboni chifukwa mudzi wonse wagwirizana kuti sudaone kanthu.

Tsopano ndifike pa bala la boma lathu. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, abale athu achialubino adayamba kusakidwa ngati nyama, manda awo kufukulidwa, ndipo Machinga adali m'gulu la maboma amene adatchuka ndi zoipazi. Pofika June 2016, bungwe la Amnesty International lidawerenga anthu osachepera 18 ophedwa m'dziko muno. Chaka chomwecho katswiri wa United Nations pa nkhani za anthu achialubino, mayi Ikponwosa Ero, adadzayendera dziko lino, ndipo Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango. Koma chilango chokhwima chimagwera munthu amene wapezeka wolakwa, ndipo kuti apezeke wolakwa pafunika wofufuza.

Tonse pano tikukumbukira MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22 wa kwa Nkoola. Adasowa mu March 2018, ndipo mtembo wake udapezeka pa 1 April chaka chomwecho. Anthu 12 adaimbidwa mlandu. Khoti Lalikulu, pamaso pa Justice Dorothy NyaKaunda Kamanga, lidawapeza olakwa mu April 2022, ndipo mu June lidagamula kuti asanu akakhale kundende moyo wawo wonse, enawo zaka zambirimbiri. Zaka zinayi, amayi ndi abambo. Kuchedwako sikudali kwa ofufuza okha, khoti nalonso lidali ndi zokhoma zake. Koma uwu udali mlandu umene dziko lonse lidauyang'anitsitsa, manyuzi ndi mawailesi akuulondola, bungwe la anthu achialubino la APAM likugogoda pakhomo la boma osatopa. Ngati mlandu wotero udatenga zaka zinayi, nanga wa mwana wa m'mudzi amene dzina lake silidamveke pa wailesi?

Mlandu wa Masambuka ukutiphunzitsa zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zikutsutsana. Choyamba n'chakuti apolisi athu amatha kufufuza. Atapatsidwa anthu, galimoto ndi nthawi, adalondola nkhani kuchoka m'mudzi mpaka kufika kwa anthu amene palibe akadawaganizira. Chachiwiri n'chakuti mwa opezeka olakwawo mudali mbale wake weniweni wa malemuyo, mudali wansembe, mudali wachipatala, mudalinso wapolisi. N'chifukwa chake ine sindipempha mitu yokha. Wofufuza amene ali yekhayekha pamalo, wopanda mnzake womuona, wopanda wamkulu wowerenga madoketi ake sabata ndi sabata, ndi woopsa ngakhale kwa iye mwini. Akakhala awiri kapena atatu, wina akadwala ntchito siima, wina akasamutsidwa doketi siikhala yamasiye, ndipo wina akafuna kukhota pali diso lomuona. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, ngakhale lidatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe kugwira ntchito. Tiligwiritse ntchito. Koma diso loyamba liyenera kukhala pa siteshoni pomwepo.

Vutoli si la ife tokha. Ngakhale ku England, oyendera ntchito za apolisi adanena mu 2017 kuti kusowa kwa ofufuza kwafika poipa m'dziko lonse. Koma chitsanzo chimene chili pafupi ndi mtima wanga ndi cha ku Khayelitsha, ku Cape Town, komwe ana athu ambiri a kuno ku Machinga amakudziwa. Anthu a kumeneko adatopa ndi umbanda, adatopanso ndi kuphana okhaokha m'dzina la chilungamo. Adakakamiza akuluakulu mpaka mu 2012 padakhazikitsidwa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi Kate O'Regan ndi Vusi Pikoli. Lipoti lake la 2014 lidaonetsa kuti ofufuza adali atasenza madoketi opyola muyeso, kuti madoketi ena sankafika n'komwe kukhoti ndipo milandu inkathetsedwa, komanso kuti madera a anthu osauka ankapatsidwa apolisi ochepa poyerekeza ndi madera a anthu olemera. Anthuwo sadalekere pomwepo. Adapita kukhoti, ndipo mu December 2018 khoti lidagamula kuti kagawidwe ka apolisi kameneko kankasala anthu chifukwa cha mtundu ndi umphawi. Chimene chidawapambanitsa si mkwiyo. Mkwiyo adali nawo kuyambira kale. Adapambana atapeza manambala m'manja n'kuwayala poyera.

Ifenso tifunse za kagawidwe. Wapolisi akamaliza maphunziro ku Limbe, ku Mtakataka kapena ku Mlangeni, amatumizidwa kuti, ndipo amasankha ndani? Ndi angati amaphunzitsidwa za kufufuza, ndipo mwa iwo ndi angati amafika kuno kumapeto kwa msewu? Mwa ofika kuno, ndi angati amamva Chiyao, moti gogo angawafotokozere popanda womasulira? Ndi angati ali amayi? Funso lomalizali musalipeputse. Mtsikana wa zaka 12 amene wagwiriridwa sangathe kufotokoza zonse kwa bambo wachilendo, chitseko chili pululu, anthu akusuzumira pawindo. Ofesi ya Victim Support imathandiza, koma doketi ya mwanayo imafunabe wofufuza woti athamange naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo zizindikiro zimene dokotala angalembe sizidikira. Wofufuza akachedwa, achibale amakhala pansi n'kukambirana za ndalama, mlandu n'kuthera pakhonde.

Ndikudziwa yankho limene tidzalandire: boma lilibe ndalama. Ndimalimva. Koma si zonse zimene zimafuna ndalama zambiri. Njinga yamoto imodzi yokhala ya ofufuza okha, yokhala ndi mafuta ake olembedwa padera, ikadafikitsa mayi uja kwathu m'mawa woyamba mvula isanagwe. Kuwachotsera ofufuza ntchito zina, monga kulondera pamisonkhano ndi pamipira, sikufuna tambala. Makhoti kugwirizana ndi apolisi kuti milandu ya wofufuza mmodzi iziikidwa tsiku limodzi, m'malo momuitana kanayi pasabata, sikufuna tambala. Ndipo kusamutsa munthu asanasiyire mnzake madoketi m'manja, imodziimodzi, ndi chizolowezi chimene chingathe ndi kalata imodzi yochokera ku likulu la apolisi a chigawo chino ku Zomba. A phungu athu ndi makhansala, mukamakamba za chitukuko musamathere pa milatho ndi midadada ya sukulu. Nyumba ya wapolisi ndi chitukuko. Wofufuza wabwino sakhalitsa pamalo pomwe banja lake likugona m'chipinda chimodzi cha lendi.

Ife eni mudzi tili ndi gawo lathu, ndipo apa ndikulankhula makamaka kwa inu a komiti za chitetezo cha m'midzi, poti inu ndi amene mumafika poyamba. Pakachitika umbanda, ntchito yanu yoyamba si kuthamangitsa munthu. Tchingani malowo. Mangani chingwe kapena ikani nthambi, anthu asapondepo. Loko, chikwanje, nsapato yotayika, musazigwire. Ngati mitambo yada, vindikirani mapazi ndi beseni kapena lata. Amene ali ndi foni yojambula ajambule zinthu mmene zilili zisanasunthidwe, koma asatumize pa WhatsApp. Lembani mayina a amene adaona kanthu, ndi komwe angapezeke sabata ya mawa. Mwana wogwiriridwa asasambitsidwe, zovala zake zisachapidwe, apite kuchipatala ndi kupolisi tsiku lomwelo. Mukaitanidwa kukhala mboni, pitani, ngakhale mlandu uimitsidwe kawiri. Mafumu athu, mboni ikabwera kudzadandaula kuti ikuopsezedwa, imeneyo si nkhani ya pabanja, ndi mlandu wina pawokha. Ndipo kumbukirani kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, komanso munthu kutuluka pa belo sindiye kuti mlandu watha.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa inu akuluakulu a polisi, ndipo ndikupempha pamaso pa mafumu kuti lilembedwe m'buku la msonkhano uno. Tikadzakumananso, mudzatibweretsere manambala anayi okha: ofufuza amene akutumikira dera la Nselema alipo angati, madoketi otsegula alipo angati, chaka chathachi ndi angati adafika kukhoti, ndipo ndi angati adathetsedwa chifukwa umboni kapena mboni sizidabwere. Sitikufuna mayina a anthu, sitikufuna zinsinsi za milandu. Manambalawo sitidzakukwapulani nawo. Tidzawatenga, ife ndi mafumu athu, n'kupita nawo ku khonsolo ya boma, kwa a phungu, ndi ku Zomba, kukapempha anthu ndi njinga m'dzina lanu. A mlembi, chonde lembani pempholi, mulembenso tsiku la msonkhano wotsatira tisanabalalike.